Sichinagunde Pansi, Achikulire

Ine Hoyt Maddox, amene ndinayamba ndi pikiapu imodzi yomanga chitseko ndi waya ndipo lero ndili ndi magalimoto asanu ndi anayi othamangitsa akamvuluvulu kuchokera ku Texas mpaka ku Dakota, ndathawapo matalala ku Argentina, ndanyowapo mpaka m'mafupa ku Bangladesh, koma sindinatulukepo thukuta ngati tsiku limene ndinaonera kanema wa kamera ya pachifuwa ya dalaivala wanga Lyle Pickett. Inali nthawi ya m'ma faifi koloko, mwezi wa Meyi, kuno kwathu ku Oklahoma, mtambo wakuda ukuzungulira pamwamba pa minda ya tirigu, lipenga lochenjeza likulira kutauni, ndipo Lyle, yemwe ndinamutuma yekha kukaona ngati msewu wina uli bwino, anakhota n'kulowa pafamu ina ataona mkulu wina, Bambo Orval Unruh, ali phee pakhonde pampando wogwedezeka, tambula ya tiyi wa ayisi ili m'manja.

"Odi kuno! Odi, achikulire!"

"Ndakuona kale. Nanga galimotoyo waiimika chafutambuyo bwanji, ngati wabwera kudzaba ng'ombe?"

"Lamulo lachiwiri, bambo. Mphuno ya galimoto iyang'ane kothawira, injini isazime, chitseko chikhale chotsegula."

"Lamulo la ndani?"

Lyle anatulutsa khadi m'thumba la malaya. "La Bwana Maddox."

"Sindikumudziwa."

Apa ananama mkuluyu. Nkhope yanga ili pachikwangwani chotalika kuposa tchalitchi pamsewu wopita kutauni. Malamulowo ndi khumi ndi awiri, ndinawalemba ndekha, ndipo palibe munthu wanga amene anathyokapo ngakhale chala.

"Nanga chisoti cha njinga kumutuko? Njinga yake ili kuti?"

"Lamulo lachinayi. Mphepo payokha siipha munthu. Chimapha ndi zimene mphepoyo yanyamula." Lyle analoza kutauni. "Lipengalo mukulimva?"

"Ndikulimva. Limalira Loweruka lililonse masana akamaliyesa."

"Lero ndi Lachiwiri."

"Ndiye achedwa nalo."

"Bambo, chonde. Dzenje lothawiramo mphepo muli nalo?"

Mkuluyo anakweza ndodo yake yokhota kumutu n'kuloza chitseko chachitsulo chogona pansi pafupi ndi chingwe choyanikapo zovala. "Ilo. Anakumba okha bambo anga. Muli mapichesi a m'mabotolo ndi akangaude."

"Eya, zili bwino! Tiyeni."

"Ayi."

"Ayi?"

"Ndinalumbira, mwana iwe. Pamaso pa dokotala ndi anamwino awiri. Sinditsikanso m'dzenje muja mpaka munthu ataima pakhonde langa lino n'kunena poyera kuti, Orval, kamvuluvulu wafika. Osati wa pa TV. Osati lipenga. Munthu. Iwe ndiwe munthu?"

"Ndine munthu."

"Waima pakhonde langa?"

Lyle anayang'ana mapazi ake. Anakwera sitepe imodzi. "Tsopano ndaima."

"Nena."

Lyle anatembenuka, nayang'ana mtambo uja kwa nthawi. Kuchokera kumimba kwake kunali kutatsika chinthu chonga chitamba cha njovu, chikupendekera uku ndi uku, nsonga yake ikulendewera m'mwamba.

"Sindinganene."

"Bwanji?"

"Lamulo loyamba. Usatchule dzina limenelo mpaka utaona ndi maso ako kuti chitamba chagunda pansi, kapena fumbi ndi zinyalala zikuzungulira kunsi kwake."

"Ndiye icho n'chiyani?"

"Mtambo wozungulira wokhala ndi chitamba."

"Chikupita kuti?"

"Chikubwera kuno."

"Chikafika chichita chiyani?"

"Chikhoza kunyamula nyumba yonseyi, ndi inu nomwe."

"Ndiye ndi kamvuluvulu."

"Ayi, achikulire. Sichinagunde pansi."

"Ndiye palibe vuto." Bambo Unruh anapsontha tiyi, nagwedeza mpando.

"Vuto lilipo! Lalikulu zedi!"

"Litchule dzina."

"Sindingathe!"

"Ndiye khala pansi. Tiyi alipo wambiri m'jagi."

Lyle anapukuta magalasi ake ndi malaya. "Chabwino. Dzenje lisiyeni. Kwerani galimoto, ndikutengereni kum'mwera, kunja kwa njira yake. Munalumbira za dzenje, simunalumbire za galimoto."

"Ndikwere galimoto ya munthu wovala chisoti popanda njinga? Anthu akuona aziti chiyani? Ngati ukuopa, pita ukabisale pansi pa mlatho wa msewu waukulu. Anthu a m'tauni amatero."

"Aaa! Pansi pa mlatho? Lamulo lachisanu ndi chimodzi! Mphepo ikalowa pamenepo imapanikizika n'kukutulutsani ngati chipolopolo!"

"Ndiye katsegule mawindo a nyumbayi. Mayi anga ankatero, kuti denga lisaphulike."

"Lamulo lachisanu ndi chitatu. Mawindo asiyeni, musataye nthawi. Kamvu... chinthucho chitsegula chokha."

"Eee! Wayamba kunena!"

"Sindinanene."

"Wanena theka."

"Theka si dzina."

Wotchi ya pamkono wa Lyle inalira, kuchenjeza kuti chitamba chayandikira. Anatsika pakhonde, nayenda masitepe asanu kulowera kugalimoto. Anaima. Anabwerera masitepe asanu. Anatembenukanso.

"Ukuvina?"

"Lamulo lachitatu likuti chikafika mamailosi awiri, choka msanga. Lamulo lachisanu ndi chiwiri likuti usasiye panja munthu amene wamuchenjeza."

"Ndiye wamkulu wakoyo analemba malamulo omenyana okha?"

"Bwana Maddox salakwitsa."

Ndinaimitsa kanemayo apa n'kuibweza kawiri, chifukwa mawu oona amakoma kuwamva. Koma ndivomere, polemba khadilo sindinaganizeko za Orval Unruh. Palibe akanamuganizira.

"Tamvera, mwana iwe," anatero mkuluyo, akutsitsa mawu. "Ndakumvera chisoni. Ingonama. Mawu atatu okha. Ine nditsika, iwe uthawa, tonse tidya chakudya chamadzulo. Ndani akumva?"

Lyle anagogoda kamera ya pachifuwa ndi chala.

"Iphimbe ndi dzanja."

"Si kamera yokha, bambo. Ndinanenapo kamodzi ndisanaone bwino. Ndinalumbira kuti sindidzabwerezanso."

"Nawenso unalumbira? Pamaso pa ndani?"

"Pamaso pa tauni yonse ikundiseka. Zaka zitatu zapitazo, nthawi yokolola. Ndinali ndisanayambe kwa Bwana Maddox, ndinkangothandiza a zanyengo ndi wailesi yanga. Ndinaona chipilala cha fumbi chataima kuseri kwa mitengo, mtambo wakuda pamwamba pake. Ndinakuwa pawailesi. Lipenga linalira. Ukwati wina unathawira kuchipinda chapansi cha tchalitchi, keke n'kugwa pamasitepe."

"Ndiye chinali chiyani?"

"Makina okololera tirigu."

Mpando unasiya kugwedezeka.

"Choipa kwambiri," anapitiriza Lyle, "ndinamva kuti mkulu wina, pothamangira kudzenje lake, anaterereka n'kuthyoka chiuno."

Bambo Unruh anaika tambula pansi pang'onopang'ono. "Anagona pansipo maola anayi. Ndi njoka."

"Za njoka sindinamve."

"Inali yaitali chonchi. Inkamuyang'ana, iye akuiyang'ana. Kunja kunangogwa timadontho tisanu ta mvula."

"Mumamudziwa mkuluyo?"

"Ndimamusambitsa tsiku lililonse."

"Pepani kwambiri. Ndi m'bale wanu?"

Mkuluyo anagogoda chiuno chake ndi ndodo. "Ukumva? Muli chitsulo umu. Ndikadutsa pamakina a pabwalo la ndege amalira ngati ndabisa mfuti. Chitsulo chimenechi unandiika ndiwe!"

Lyle anavula chisoti n'kuchigwira pachifuwa. Mphepo inamumenya ndi kanthambi kukhutu. Anachivalanso.

"Bambo Orval, ndalakalaka zaka zitatu kukumana nanu kuti ndipepese."

"Upepese! Tsiku lija unatchula chimene kunalibe. Lero chilipo, chatiyang'ana m'maso, ukukana kuchitchula!"

"Sichinagunde pansi."

"Chikudikira chiyani, kalata?"

"Nthawi zina chimabwereranso m'mwamba. Ndikanena, inu n'kutsika, n'kuthyoka chiuno chinacho, chitamba n'kubwerera, ndidzayang'ana bwanji anthu?"

"Nanga ukapanda kunena, icho n'kundinyamula?"

"Ndiye tsikani ndisananene!"

"Ndinalumbira!"

"Nanenso ndinalumbira!"

"Lumbiro langa ndi lalikulu, lili ndi dokotala!"

"Langa lili ndi keke!"

Denga la malata linalira ngati alimenya ndi mwala. Linaliranso. Kenako matalala anakhuthuka, akudumpha pabwalo ngati akuwotchedwa, ena akuboola tirigu, ena akugogoda galimoto yanga yatsopano. Limodzi lalikulu linadumphira pakhonde n'kugubuduka mpaka pamapazi a mkuluyo. Lyle anasolola rula m'thumba n'kugwada.

"Ukutani pansi pa mpando wanga?"

"Lamulo lachisanu ndi chinayi. Talala usaliyerekeze ndi dzira kapena mpira. Liyeze."

"Ili ndi dzira la tsekwe, aliyense akuona."

"Mainchesi awiri ndi... dikirani, musagwedeze mpa..."

Magalasi anatereka pamphuno ya thukuta. Mpando unabwerera kumbuyo. Phwa!

Apa kamera inangoonetsa matabwa a khonde ndi manja awiri akufufuza.

"Chaphwanyika n'chiyani?" anafunsa mkuluyo.

"Magalasi anga."

"Uli ndi ena?"

"Ali kunyumba, pamwamba pa firiji."

"Popanda iwo umaona mpaka pati?"

Lyle anaimirira, natambasula dzanja, nalibweza pang'ono. "Mpaka apa."

Matalala analeka mwadzidzidzi ngati wina watseka mpopi. Kunja kunasanduka kobiriwira. Mbalame zii. Zovala za pachingwe, zimene zinkauluka cha kum'mawa, zinatembenuka zonse n'kuloza kumtambo. Bambo Unruh anadzuka pampando kwa nthawi yoyamba, nagwira mzati wa khonde.

"Iwe. Dzina lako ndani?"

"Lyle."

"Lyle, chagunda."

"Zoona?"

"Chagunda pamunda wa aneba anga a Penner. Fumbi lofiira likukwera. Iiii! Nkhokwe yawo yachitsulo ija yanyamuka! Ikuzungulira ngati chitini cha nyemba! Nena tsopano!"

Lyle anatsinzinira, natong'ola maso, natsinziniranso. "Ndikuona chakuda. Pambali pake pali chakudanso."

"Chapakaticho!"

"Khadi likuti ndi maso ako."

"Maso anga akuona!"

"Amenewo ndi anu, achikulire."

"Ndikubwereka!"

"Sizitheka."

"Nanga makutu? Sukumva chiphokosocho, ngati sitima ya katundu?"

"Ndikumva. Pali njanji pafupi?"

"Anaizula iwe usanayambe kumeta ndevu!"

"Khadi silinena za makutu."

Mpando wogwedezeka unayamba kuyenda wokha pakhonde. Jagi ya tiyi inagwa. Bambo Unruh anagwira Lyle pamalaya ndi dzanja limodzi, nkhope yawo yonse n'kudzaza kamera, ndevu zikuuluka.

"Kamvuluvulu wafika, chitsiru iwe! Ukundimva? Kamvuluvulu wafika!"

Lyle anafunsa modekha, "Bambo, mwaima pati?"

"Pakhonde, suku... eya, sukuona!"

"Ndinu munthu?"

Mkuluyo anatsegula pakamwa. Anatseka. Anamusiya malaya.

"Ndine munthu," anatero mofatsa. "Tiye."

"Dikirani. Munati wonenayo ayambe ndi dzina lanu."

"Ambuye, ndigwireni dzanja ndisamuphe!" Anayang'ana kumwamba n'kukuwa, "Orval, kamvuluvulu wafika! Zikomo Orval, ndamva! Wakhutira?"

"Tsopano zili m'malo mwake."

Ndayendapo maiko makumi atatu, ndaonapo mahatchi a mpikisano ndi anthu othawa ng'ombe zolusa, koma sindinaonepo liwiro la mkulu wa zaka makumi asanu ndi atatu wa chiuno chachitsulo akudutsa bwalo lija. Anakoka chitseko cha dzenje ndi dzanja limodzi. Atacheuka, anaona Lyle akulowera kwina, manja patsogolo ngati wofunafuna khoma mumdima.

"Ukupita kuti?"

"Kugalimoto. Inu mwafika pobisala, lachisanu ndi chiwiri latha. Latsala lachitatu, choka msanga."

"Icho ndi chimbudzi chakale! Galimoto ili uku!"

"Zikomo."

"Usandithokoze, bwerera! Uyendetsa bwanji usakuona?"

"Pang'onopang'ono."

"Palibe lamulo lonena kuti ulowe m'dzenje?"

"Lilipo, lomaliza. Njira yothawira ikatsekeka, siya galimoto, lowa pansi." Lyle anaima, malaya akumuwomba kunkhope. "Koma sindikuona ngati yatsekeka."

"Yatsekeka! Mtengo wanga wa pageti wagona pamsewu!"

"Mwauona inu, koma ine..."

Ndodo yokhota ija inatulukira pakona ya kanema, inakola lamba wa chisoti, ndipo dziko linatembenuzika. Ndinaona mtambo, udzu, nsapato, masitepe, masitepe enanso, kenako chitseko chinatsekeka, guu, n'kuda bii.

Mumdimamo munkangomveka mabotolo akugundana pamashelefu ndi anthu awiri akupuma ngati ng'ombe.

"Wathyoka?"

"Sindikudziwa. Dikirani ndiwerenge. Ayi."

"Mwayi wako. Masitepe amenewo anandidya ine."

"Bambo, mutu wanu uli kuti?"

"Pakhosi panga. Ukufuna chiyani? Iwe! Ukundiveka chiyani?"

"Chisoti. Lamulo lachinayi."

"Nanga iwe?"

"Chilipo chimodzi. Chiuno ndinakuthyolani kale, mutu ndiye ayi."

Mkuluyo anafufuza pashelefu. Panamveka kukhulukuta kwa chitsulo. "Gwira. Poto wophikira mapichesi. Vala, ugone pansi, ugwire mwendo wa shelefu."

Kenako chiphokoso chinafika. Sindingachilembe. Amene anachimvapo akuchidziwa, amene sanachimvepo apemphere asadzachimve. Chitseko chinkadumpha pazomangira zake, fumbi likuthira, ndipo pansi pa zonsezo ndinkamva mawu awiri, wina akupemphera, wina akutchula malamulo anga kuyambira loyamba mpaka lomaliza n'kuyambiranso. Sizinathe mphindi imodzi.

Atakankha chitseko, kunja kunali dzuwa.

"Mukuona chiyani, achikulire?"

Bambo Unruh anatuluka, chisoti cha njinga chili kumutu, nazungulira pang'onopang'ono. "Nyumba ilipo. Denga theka. Khonde lapita."

"Lonse?"

"Yatsala sitepe ija unaimapo. Mpando wanga uli mumtengo. Ng'ombe zili uko kumpanda, zonse, zikundiyang'ana ngati ndachita ndine."

"Galimoto ya bwana?"

"Ili m'tirigu, miyendo m'mwamba."

"Mphuno yayang'ana kuti?"

"Kum'mwera."

"Kothawira," anatero Lyle, mtima uli m'malo.

Galimoto imeneyo inali isanathe mwezi chiigulireni. Sindidandaula. Munthu amene ali ndi magalimoto ena asanu ndi atatu salira pagulu.

Lyle anachotsa poto kumutu, namuika pansi mwaulemu. Anafufuza palamba wake n'kupeza wailesi ya m'manja ikadali yamoyo. Anaimirira njo, nakonza kolala, natsokomola. Zaka zitatu anadikira mphindi imeneyi.

"Bwana Maddox, Bwana Maddox, ndine Lyle, ndili pafamu ya Bambo Orval. Tonse tili moyo. Ndikufuna kutsimikiza kuti pano padutsa kamvu..."

Ndodo inatsika pawailesi, n'kuikankhira pansi.

"Unamuona?"

"Bambo?"

"Ndikufunsa. Unamuona?"

"Koma khonde lapita! Denga! Mwanena nokha kuti galimoto ili miyendo m'mwamba!"

"Ndanena ine. Iwe, ndi maso ako?"

"Ayi. Ndinali m'dzenje, poto ali kumutu."

"Ndiye tseka pakamwa," anatero Bambo Unruh, akumanga bwino lamba wa chisoti pachibwano. "Pafamu panga pano sititchula zimene sitinaone. Mwina ndi makina okololera tirigu."